Mawu anga akumandibwerera ndikamayimbira ku Johannesburg

NyaChibavi
Monire nonse a m'gulu. Ndaona kuti pano pali anthu odziwa za mafoni, ndiye ndithandizeni. Mwana wanga woyamba ali ku Johannesburg, ndipo ndi amene amanditumizira katundu wa pa okala yanga. Masiku ano ndikamuyimbira, ndikangoti "halo", pakapita kamphindi ndikumva "halo" yemweyo akubwerera m'khutu mwanga, mawu anga enieni. Tikayamba kuwerengetsa mitengo ndiye ndimasokonezeka, chifukwa ndikamatchula nambala yachiwiri ndikumva yoyamba ikubwera. Iye akuti kwake kuli bwinobwino, sakumva chachilendo. Ndikayimbira mchemwali wanga ku Ekwendeni sizichitika. Kodi foni yanga yatha? Ndati ndifunse kaye ndisanawononge ndalama pa yatsopano.

WaKabaza_Zolozolo
Netiweki imeneyo, Mama. Nyengo ya mvula ino imavuta. Kwerani chakumtunda mukayesere.

Chiputula_Boy
Samalani, ndinamva kuti ukamadzimva choncho ndiye kuti pali wina akumvetsera zimene mukukambirana.

FoniDokota
@Chiputula_Boy musawaopseze amayi. Womvetsera mobisa amangokopera mawu, sabweza kanthu kwa woyimba. Mama, musagule foni. Mufunseni mwana wanuyo ngati amayika pa sipika yaikulu, komanso ngati foni yake inagwa kapena kutsegulidwa posachedwapa.

NyaChibavi
Foni yake? Koma wodzimva ndine.

Luwinga_Signal
Ndi pomwepo pamene ambiri timasokonezekera, Mama. Eko imene mukuimva, kubwerera kwa mawu anuko, sibadwira m'foni mwanu, imabadwira kumene mawu anu akufikira. Mukalankhula kuno ku Chibavi, mawu anu amakatulukira pa sipika ya foni ya mwana wanu. Maikolofoni ya foni yomweyo ili pafupi kwambiri ndi sipikayo, ndipo siisankha kuti awa ndi mawu a mayi, awa ndi a mwana. Imangotola chilichonse, mawu anu omwe, n'kuwatumizanso kuno. Iye sangamve kanthu chifukwa foni yanu ikugwira bwino ntchito, sikumubwezera mawu ake. Nthawi zambiri amene akudandaula ndi amene foni yake ili bwino.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Mafoni ambiri amakubwezerani dala pang'ono mawu anu nthawi yomweyo kuti musaone ngati foni yazima, ndipo khutu limawalandira ngati mmene timadzimvera tikamalankhula. Koma mawu omwewo akabwera mochedwa, ubongo umawatenga ngati munthu wina amene akukudulani pakamwa. Bungwe la ITU, lomwe limakhazikitsa miyezo ya zamatelefoni padziko lonse, linalemba mu chikalata chake cha G.131 kuti kuchedwa kukapitirira mamilisekondi pafupifupi 25 ulendo umodzi, pafunika chida chothana ndi eko. Milisekondi ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 1,000. Foni ya m'manja ya GSM payokha imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 90, chifukwa imayamba yawadula m'zidutswa za mamilisekondi 20, kuwapanikiza, kenako n'kuwatumiza. Mukaonjezapo mtunda wa ku South Africa ndi kudikirira kwa pa intaneti, popita ndi pobwera, mawu anu akhoza kukufikaninso patadutsa pafupifupi theka la sekondi. Palibe amene angawerengere mitengo bwino akudzimva choncho.

WaKabaza_Zolozolo
Koma achimwene, ine ndikakhala kumunsi kwa Mchengautuwa zimachitika, ndikafika ku Katoto zimachepa. Mukuti si netiweki bwanji?

Luwinga_Signal
@WaKabaza_Zolozolo sindinakane zonse. Mukamayimba ndi bandulo, netiweki yofooka imawonjezera kuchedwa, ndiye kaeko kamene kanalipo kale koma simumakamva kamayamba kumveka. Koma siyo imene yakapanga. Komanso tisiyanitse: mawu oduka-duka kapena omveka ngati a m'madzi si eko. Eko ndi pamene mukumva mawu anu omwe.

AgogoWaLamya
Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu. Ndinagwira ntchito ya mawaya a telefoni kuyambira nthawi imene positi ndi matelefoni zinali bungwe limodzi, zisanagawidwe. Eko yomwe mnyamata wa ku Luwinga wafotokoza ndi ya sipika ndi maikolofoni. Ife tinakula ndi ina, ya m'mawaya, ndipo kumene kudakali mafoni a pansi ikadalipo.

Kuchokera panyumba kapena pa ofesi kukafika ku exchange, malo olumikizira mafoni, pamakhala mawaya awiri okha a mkuwa, ndipo mawu opita ndi obwera amayenda m'mawaya omwewo. Koma kuchoka pa exchange kupita kutali, mawu opita amakhala ndi njira yawo, obwera yawonso, tinkati mawaya anayi. Pamene ziwirizi zimakumana pali kachida kotchedwa hybrid, poyamba kanali kathiransifoma. Kuti kagwire bwino ntchito, kayenera kufanana ndendende ndi mzere umene kalumikizidwako. Tsono mzere uliwonse ndi wosiyana: wina waufupi, wina wautali, wina wolumikizalumikiza. Kuno ku Mzuzu onjezanipo chinyezi. Umatsegula bokosi la pa polo m'miyezi ya mvula, upeza madzi adikha pansi pake, mkuwa wachita kubiriwira pamalumikizo, nyerere zamanga chisa pakona. Mzere wotero sungafanane ndi hybrid, ndiye mawu ena amadontha n'kubwerera kumene achokera.

Poyimba m'tauni momwemo palibe amene ankadandaula chifukwa mawuwo ankabwerera nthawi yomweyo. Vuto linali poyimba kunja. Mafoni a kunja ankadzera pa dishi lalikulu la ku Kanjedza kupita ku setilaiti, yomwe ili pa mtunda wa makilomita 35,786 kumwamba. Kukwera ndi kutsika kokha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kubwerera chimodzimodzi. Mankhwala ake akale anali echo suppressor. Imeneyo sinali yanzeru ayi, inali ngati switchi basi: ikamva kuti inu mukulankhula, imatseka njira yobwerera. Eko inkathadi, koma mnzanu akafuna kukuyankhani pakati, mawu ake oyamba ankadyeka. N'chifukwa chake achikulire amene anazolowera mafoni a nthawi imeneyo amadikira kaye asanayankhe, mpaka lero.

NyaKaning'ina
Agogo, zikomo. Bambo anga amachitadi zimenezo, ndinkangoti ndi ukalamba.

Masamu_Mzuni
Akulu @Luwinga_Signal, tsono ngati kutseka njira kumadya mawu, za masiku ano zimachita bwanji? Mawu anga ndi a mnzanga asakanizika kale mu waya umodzi. Chida chingadziwe bwanji oti chichotse?

Luwinga_Signal
Funso labwino. Yankho ndi lakuti chidacho chili ndi mwayi umodzi: chimadziwa kale mawu amene chatumiza ku sipika kapena ku hybrid, chifukwa adutsa mwa icho chomwe. Chimene sichidziwa ndi mmene abwerere, achedwa bwanji, achepa bwanji, apindika bwanji. Chidachi, chotchedwa echo canceller, chimayesa kuyerekeza njira yobwererayo, kupanga eko yakeyake ya m'masamu, n'kuichotsera pa zimene zikubwera. Zotsala ndi mawu a mnzanu. Njira siitsekedwa, ndiye nonse mukhoza kulankhula nthawi imodzi.

Zili ngati mayi wogulitsa nyemba ku Zigwagwa amene amayeza nyemba zili m'beseni. Sakhuthula nyembazo. Amadziwa kulemera kwa beseni, amangochotsera pa zimene sikelo yaonetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno beseni sulidziwa poyamba, ndipo limasintha kulemera munthu akangosuntha dzanja.

M'kati mwake muli chimene timati adaptive filter, mndandanda wa manambala otchedwa ma tap. Mu netiweki ya telefoni mawu amayezedwa ka 8,000 pa sekondi. Tap yoyamba imanena kuti pa muyezo umene wangotumizidwa kumene pabwerera zochuluka bwanji, yachiwiri imanena za muyezo wam'mbuyo mwake, mpaka kumapeto. Foni ikangoyankhidwa manambala onse amakhala olakwika. Chidacho chimayerekeza, kuchotsera, n'kuona chotsala. Chotsalacho n'chimene chimachiuza kuti tap iliyonse isunthe pang'ono mbali iti. Chimabwereza zimenezi ka 8,000 pa sekondi, ndipo pakamatha sekondi imodzi kapena kucheperapo chimakhala chaidziwa njirayo. Mukamva kaeko pa "halo" woyamba kenako n'kuzimiririka, ndiye kuti chidacho chinali chikuphunzira.

Njira yosunthira manambalayi ndi LMS, imene Bernard Widrow ndi wophunzira wake Ted Hoff anatulukira ku Stanford mu 1960. Hoff ndi yemwe uja anadzakhala m'gulu lopanga microprocessor yoyamba ya Intel. Ku Bell Labs, M. Mohan Sondhi anafalitsa mu 1967 mmene nzeru imeneyi ingathetsere eko ya pa telefoni. Koma zinatenga nthawi kuti zifike ponseponse chifukwa masamu ake ankafuna makina aakulu ndi odula, mpaka cha m'ma 1980 pamene Donald Duttweiler ndi anzake anaziika pa chip imodzi. Zambiri za lero zimagwiritsa ntchito mtundu wina wa LMS wotchedwa NLMS, yomwe imachepetsa kasunthidwe mawu akakwera ndi kukawonjezera akatsika, kuti munthu wofuula asasokoneze manambala.

Mixer_Katawa
Poti mwatchula eko, ine ndili ndi langa. Ndimayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwathu. Pa ukwati wina, achibale a ku UK anafuna kulankhulapo kudzera pa foni, ndiye ndinailumikiza ku mixer. Atangoyamba, iwo anayamba kudzimva, kenako masipika analira mluzu woboola m'makutu mpaka ana anayamba kulira. Chinalakwika n'chiyani?

Chiputula_Boy
Aise, inu a zokuzira mawu mumaika eko dala mpaka m'busa osamveka. Chotsani zimenezo.

MayiWaKwaya
Iyayi, pa nyimbo eko pang'ono imathandiza. Mawu amakhala odzaza, ndipo woyimba wamanyazi amalimba mtima. Choipa ndi kuisiya pa ulaliki ndi pa zolengeza. Tchalitchi chathu ndi cha malata opanda siling'i, pansi simenti, chili kale ndi eko yakeyake. Ukaonjezapo ya pa mixer, agogo a kumbuyo samva kanthu.

NyaKaning'ina
Ndiye mvula ikagwa pa malatapo ndi basi.

Admin_Mpoto
Za kwaya titsegulire mutu wake, abale. Tibwerere kwa NyaChibavi, sanathandizidwebe.

FoniDokota
Yewo, Admin. Ine ndinena zimene ndimaona pa benchi, chifukwa masamu a achimwene a ku Luwinga ndi oona koma anthu ambiri vuto lawo ndi kalabala. Mukatsegula foni, maikolofoni ya pansi imakhala m'kati mwa kachisoti ka labala kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene kamaitsekera kuti imve za panja pokha kudzera pa kabowo kake. Munthu akasintha sikirini kapena polowetsa tchaja mothamanga, kalabalako kamagwa, kapena amakabwezera chopendekera. Akatseka, foni imayaka bwino, kasitomala amalipira n'kumapita. Koma tsopano mawu a sipika akuyenda m'kati mwa foni momwemo kukafika pa maikolofoni. Mwini foni sadziwa kanthu, odandaula ndi amene amamuyimbira.

Zinanso ndi sipika yotchipa yolowetsa m'malo mwa yoyamba, yomwe imanjenjemera mukakweza voliyumu, ndi makavala ena okhuthala amene amatseka kabowo ka maikolofoni yachiwiri ya pamwamba, kapena kukhotetsera mawu a sipika ku maikolofoni. Ndisanatsegule foni ya munthu ndimayamba ndachotsa kavala, kutsuka timabowo ndi kaburashi kouma, n'kuyesa kuyimba. Ambiri amachira pomwepo.

Luwinga_Signal
@FoniDokota sitikutsutsana. Zimene mwanena za sipika yonjenjemera ndi zofunika kwambiri. Filter ija imangodziwa kuchedwetsa mawu ndi kuwachepetsa kapena kuwawonjezera. Sipika ikayamba kusweka mawu, imatulutsa phokoso latsopano limene silinali m'mawu otumizidwa, ndipo filter singaliyerekeze. N'chifukwa chake kungotsitsa voliyumu pang'ono kumbali inayo kumathetsa eko nthawi zambiri.

FoniDokota
Ndiye nenani zimenezo poyamba, amayi asadikire Stanford.

Katoto_IT
Ine ndikuona ngati mwaichotsa msanga netiweki pa mlandu. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza tinaika makina olumikiza mafoni a pansi ndi a pa intaneti. Aliyense woyimba kuchokera panja ankadzimva, ndipo panalibe sipika iliyonse, anthu ankagwiritsa ntchito mafoni a pa desiki. Titafufuza tinapeza kuti echo canceller ya m'makinawo inaikidwa kuti iziyang'ana m'mbuyo kanthawi kochepa, pamene eko inkabwera mochedwa kuposa pamenepo. Titatalikitsa, zinatha. Ndiye funso langa: bwanji opanga zida sangoika yaitali kwambiri ponseponse n'kuiwala za vutoli?

Luwinga_Signal
Mwakhudza pamene pagona nkhani yonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kutalika kumene canceller imayang'ana m'mbuyo timati tail. Tail ya mamilisekondi 64 pa miyezo 8,000 pa sekondi ndi ma tap 512. Ya 128 ndi ma tap 1,024. Pa muyezo uliwonse NLMS imachulukitsa manambala kamodzi pa tap iliyonse kuti ipange eko yoyerekeza, kenanso kamodzi kuti ikonze tap imeneyo. Pa ma tap 1,024 ndiye ka 2,048. Chulukitsani ndi 8,000, mupeza kopitirira 16 miliyoni pa sekondi, pa foni imodzi yokha. Mzere umodzi waukulu wolumikiza ma exchange, wotchedwa E1, umanyamula mafoni 30, ndiye tafika pafupifupi 490 miliyoni. Pa exchange yaikulu mizere yotere ndi yambirimbiri. Zonsezo ndi ma chip, magetsi, kutentha, ndi mafuta a jenereta magetsi akazima.

Ndipo si ndalama zokha. Filter yaitali imachedwa kuphunzira, komanso tap iliyonse yopanda ntchito imawonjezera kaphokoso kake. Ndiye kungotalikitsa kukhoza kuipitsa zinthu.

Chimene akatswiri anaona n'chakuti eko ya hybrid ndi yaifupi. Mu tail ya mamilisekondi 128, mbali imene muli eko yeniyeni imangotenga mamilisekondi ochepa, mwina 4 mpaka 12. Kwina konseko ndi kuchedwa chabe, ma tap ake ndi ziro. Ndiye pali njira ziwiri. Ina ndi kuyamba wafufuza pamene pali eko, n'kuika filter yaifupi pamenepo pokha. Ina ndi imene Duttweiler yemwe uja anafalitsa mu 2000, PNLMS, yomwe imasuntha kwambiri ma tap amene aoneka kuti ndi aakulu n'kumangokhudza pang'ono ang'onoang'ono. Imaphunzira msanga popanda kuonjezera masamu ambiri.

Masamu_Mzuni
Koma akulu, m'kalasi tinaona kuti RLS, njira ina yosunthira ma tap, imaphunzira msanga kwambiri kuposa LMS, makamaka pa mawu a munthu. Bwanji osangogwiritsa ntchito imeneyo? Ma processor a lero ndi amphamvu.

Luwinga_Signal
Imaphunziradi msanga. Koma masamu a NLMS amakula molingana ndi chiwerengero cha ma tap, pamene a RLS amakula ngati chiwerengerocho mutachichulukitsa ndi chokha. Pa ma tap 1,024 ndiye kopitirira miliyoni pa muyezo umodzi, osati 2,048. Ilipo mitundu yake yofulumira, koma imavuta kukhazikika, tizolakwika ta manambala timaunjikana. Chida cha pa exchange chiyenera kuyenda usana ndi usiku popanda wochidzutsa.

Masamu_Mzuni
Sindinakhutire kwenikweni. Foni ya m'manja imangosamalira kuyimba kumodzi, osati 30. Pamenepo mphamvu ilipo.

Luwinga_Signal
Kumodzi, inde, koma kovuta kuposa. Mukamayimba pa WhatsApp kapena Zoom, kampani ya foni imangonyamula deta, ntchito yonse yochotsa eko imachitikira m'foni momwemo, pa batire lanu. Ndipo eko ya m'chipinda si yaifupi ngati ya hybrid. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Khoma limene lili pa mamita 17 limabweza mawu patapita mamilisekondi 100, kenako amagundanso khoma lina, denga, pansi. Tinene kuti mukufuna tail ya 200 pa miyezo 16,000 pa sekondi: ma tap 3,200, kuchulukitsa kopitirira 100 miliyoni pa sekondi ndi NLMS wamba. Ndiye mapulogalamu ambiri sachita muyezo umodziumodzi. Amasonkhanitsa kagulu ka miyezo, kukasandutsa ndi masamu otchedwa FFT kuti agwire ntchito pa ma frequency, ndiko kuti mawu atagawidwa molingana ndi kukwera kapena kutsika kwa kamvekedwe kake, kumene masamu omwewo amachepa kwambiri. Phindu lina n'lakuti frequency iliyonse imakhala ndi kasunthidwe kake, ndiye kuphunzira kumafulumira, chomwe munkachifuna kwa RLS chija. Mtengo wake ndi kuchedwa pang'ono podikira kuti kagulu kadzaze, n'chifukwa chake filter amaidula m'zigawo zazifupi. Ngati mukufuna kuona ndi maso, code ya WebRTC, pulogalamu yoyimbirana pa intaneti imene Google inaitsegulira aliyense mu 2011, ili ndi echo canceller yotere, ndipo pulogalamu ina yotchedwa Speex ilinso nayo yaing'ono yosavuta kuwerenga.

Masamu_Mzuni
Ndikaiona ya Speex. Koma za RLS tidzakambirananso.

MphunzitsiWaNkhataBay
Pepani kulowerera. Langa ndi losiyana pang'ono. Pa zokambirana za maliro a amalume tinayimbirana gulu, ena ku Lilongwe, ena ku Cape Town. Eko panalibe, koma azakhali ndi achimwene akalankhula nthawi imodzi, mawu a azakhali ankangosowa. Iwo anakhumudwa, ankaganiza kuti wina akuwatseka dala. Zinatengera ine kuwapepesa. Agogo anena kuti zodya mawu zinali zakale, nanga izi?

Luwinga_Signal
Aphunzitsi, palibe amene anawatseka. Pamene anthu awiri alankhula nthawi imodzi ndi pamene canceller imavutika kwambiri. Kumbukirani kuti imaphunzira poyang'ana chotsala. Azakhali akalankhula, mawu awo amalowa m'chotsalacho, ndipo ikapanda kuzindikira imaganiza kuti yalakwitsa kwambiri n'kuwononga manambala onse amene inaphunzira. Ndiye pamakhala kachida kena kozindikira kuti awiri akulankhula, kamene kamaimitsa kuphunzira mpaka wina atasiya. Njira yakale ya Geigel ndi yophweka: mawu obwera akaposa theka la mawu aakulu amene atumizidwa posachedwa, ndiye kuti si eko, ndi munthu. Pa hybrid imagwira, chifukwa eko yake imabwera itachepa. Pa sipika yaikulu siigwira, chifukwa eko ikhoza kukhala yokwera kuposa mawu a munthu amene wakhala patali ndi foni.

Kuonjezera apo, filter siichotsa eko yonse. Kotsalako kamadulidwa ndi gawo lomaliza lotchedwa NLP, lomwe kunena zoona ndi mdzukulu wa suppressor ya agogo ija. Foni ikakhala pa sipika yokwera kwambiri, kotsalako kamakhala kakakulu, gawo limeneli limadula mwamphamvu, ndipo mawu ofewa ngati a azakhali amapita nawo limodzi. Ulendo wina apatseni mahedifoni, kapena foni aigwire pakhutu.

AgogoWaLamya
Ndipo ikadula imaikamo kaphokoso kabodza kapansipansi, kuti musamve zii n'kuyamba kufuula "halo, mulipo?" Zonsezi zinalembedwa mu chikalata cha ITU cha G.168, chimene chinatuluka koyamba mu 1997. Muli ngakhale za kamluzu ka 2,100 Hz kamene mamodemu, zida zotumizira deta pa mzere wa telefoni, ankaliza poyamba. Kamluzuko kakamatembenuzidwa pakapita mamilisekondi 450 alionse, canceller ya netiweki imadzizimitsa yokha, chifukwa modemu ili ndi yake ndipo ziwiri zikhoza kusokonezana.

NyaChibavi
Abale, ndayimba madzulo ano. N'zoona, amaika foni pa sipika patebulo chifukwa manja amakhala akulongedza katundu, ndipo akuti anasinthitsa sikirini mwezi watha. Wavala mahedifoni, eko yatheratu. Tawerengetsa bwinobwino. Yewo chomene nonse. @FoniDokota ndamuuza za kalabala kaja, akuti abwerera nayo kwa amene anakonza.

WaKabaza_Zolozolo
Zili bwino, Mama. Koma ine ndikadali pomwepo, si nthawi zonse pamene vuto ndi foni ya munthu. Ndingadziwe bwanji ndili pamsewu, popanda mahedifoni?

Katoto_IT
Pali kayesedwe kosavuta. Mukadzimva, muuzeni mnzanuyo atseke maikolofoni yake pa batani la mute, inu muzilankhulabe. Eko ikatha, ndiye kuti ikuchokera pa sipika ndi maikolofoni yake. Ikapitirira iye atatseka, ndiye kuti ikubadwira m'njira, pa hybrid kapena pa makina olumikiza ma netiweki. Pamenepo dulani muyimbenso, chifukwa kuyimba kwatsopano kukhoza kudzera njira ina. Zikamabwerezabwereza pa manambala a mtundu umodzi, lembani tsiku, nthawi ndi nambala imene munayimba, mukadandaule ku kampani yanu. Popanda zimenezo mainjiniya sangapeze mzere wolakwika. Akapanda kukuthandizani, MACRA imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni.

Mixer_Katawa
Admin, ndikudziwa munati za kutchalitchi zidikire, koma langa lija silinali la kwaya. Pali ukwati wina kutsogoloku ndipo achibale akunja akufunanso kulankhula.

Admin_Mpoto
Limenelo ndi la mutu uno. Amene akudziwa ayankhe.

Luwinga_Signal
@Mixer_Katawa mwina munabwezera ku foni zonse zotuluka mu mixer, kuphatikizapo mawu a achibale omwewo. Canceller ya m'foni inapangidwira kasipika kake, singathane ndi eko yodutsa mu mixer, mu amplifier ndi m'holo yonse. Chitani chonchi. Mawu ochokera ku foni alowe pa tchanelo chawochawo. Mawu opita ku foni musawatenge pa main, potulukira mawu opita ku masipika, atengeni pa aux, potulukira pena papadera. Pa aux imeneyo kwezani maikolofoni ya wolankhula yokha, ndipo kabatani ka aux ka pa tchanelo cha foni kakhale pa ziro. A pa wailesi amati mix-minus. Eko ya pa mixer muichotse pa aux imeneyo. Pamene achibale akulankhula tsitsani maikolofoni onse a m'tchalitchi, chifukwa akatseguka amatola mawuwo kuchokera ku masipika n'kuwabwezanso, ndipo wolankhula asaime kutsogolo kwa sipika. Chomaliza, onetsetsani kuti m'holomo mulibe foni ina imene yalowa pa kuyimba komweko ili pa sipika. Mafoni awiri m'chipinda chimodzi amabwezerana mawu mpaka mluzu uja.

Mixer_Katawa
Mixer yathu ili ndi aux imodzi yokha, ndipo ndi imene imapita ku monita ya kwaya.

Luwinga_Signal
Pa nthawi ya malankhulidwe kwaya siikhala ikuyimba. Zulani chingwe cha monita, lowetsani cha foni, akamaliza mubwezere. Lembani pa kapepala pamene mabatani a kwaya anali musanawasunthe, ndipo muyeserere dzulo lake ndi munthu amene ali kunja kwa holo.